Wapansi Pano

Kepitauni
29 Epulo 2024

Achemwali a Shamim,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ababa akudzuka bwanji? Zilonda zija zikuuma? Ine ndinafika bwino, kungoti msana ndinausiya m'basi. Ndalemba papepala monga analamulira Ababa, poti iwo amati mawu a pafoni sagona m'nyumba. Kalatayi ndapatsira a Wyson, a transipoti aja amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa kuno ndi kumudzi.

Mwala uja wafika wosaphwanyika. Pa boda anautembenuzatembenuza, n'kundifunsa ngati kwathu kulibe mphatso ina yoti munthu n'kunyamula.

Achemwali, mukanaona nkhope ya abwana anga! Inu mumaseka kuti ndinawoloka maboda atatu kudzapukuta fumbi pa zinthu zimene kwathu timagendera mbuzi. Sekani, koma m'sitolo muno miyala imadyetsa anthu. Abwanawo ali ndi kabati yawoyawo imene sagulitsa kanthu, yodzaza miyala yogwa kuchokera kumwamba. Amaitcha mitiyoraiti. Nyenyezi zija timaziona zikuthothoka si nyenyezi zenizeni, ndi miyala. Yambiri imapsera m'mwamba momwemo, koma ina imafika pansi. Nditaika wathu patebulo, mkuluyo anasiya tiyi wake. Anaunyamula, nati ukulemera kuposa msinkhu wake. Anayandikiza maginito, maginito n'kukakamira. Kenako analoza khungu lakuda lonyezimira lija, nati mwala ukamagwa umapsa kunja n'kuvala khungu lotere. Timaenje tija ta m'mbali, tokhala ngati munthu anadinda chala padothi lonyowa, akuti natonso ndi chizindikiro.

Sanatsimikize kanthu. Akuti auonetsa kaye anzawo amene amasonkhanitsa nawo miyala, akakumana mwezi wamawa ukamatha.

Muwathokoze Ababa pondibwereka. Ndinaona mmene anaugwirira asanandipatse, ndipo ndikudziwa kuti mtima sunkafuna. Aka kanali koyamba kuti ine ndipemphe kanthu m'nyumba mwawo, iwo n'kundipatsa osayamba ndi ulaliki. Ndidzawabwezera.

Mundiuzeko izi: anautola ndani, kuti, liti? Alipo amene anauona ukugwa? Abwana akuti mafunso amenewa ndi ofunika.

Ndine mlongo wanu,
Mahmudu


Ntaja
15 Meyi 2024

Mahmudu,

Wa alaikumu salamu. Kuno tili bwino, kupatula Ababa amene ukuwadziwa kale. Zilonda za kumapazi zayamba kuuma, za kuseri kwa manja zikadali zonyowa. Adokotala abwereza mawu awo aja, akuti madzi asakhudzepo mpaka atanena iwo.

Kalata yako ndinawawerengera atakhala pakhonde. Khalidwe lawo silinasinthe. Mawu akawafika pamtima amakweza chala n'kuti, "Bwereza pamenepo." Pa za msana wako chala sichinakwere. Chinakwera pa khungu lakuda, ndipo ndinabwereza mpaka kukhosi kunauma.

Wafunsa mbiri ya mwala ngati ukufunsira mbeta. Palibe anauona ukugwa. Anautola ndi malemu Amayi kumtsinje, tikukhala ku Ulongwe, iwe usanabadwe. Ankasalazira pansi akazira m'nyumba. Ine ndi mwala umenewo tinakulira limodzi, ndipo chikhadabo changa chimodzi chimaukumbukira mpaka lero. Amayi atamwalira, Ababa anauika pawindo la kuchipinda kwawo.

Poti kumadrasa unkapitira mango a kuseri kwa mzikiti, ndikukumbutse ntchito yake. Munthu sapemphera swala asanadziyeretse ndi madzi, udhu uja. Koma amene madzi angamupweteke amaloledwa kumenya manja padothi loyera, n'kupaka kumaso ndi m'mikono. Ameneyo ndiye tayamamu. Ababa ataletsedwa madzi anayamba ndi dothi, koma linkawalowa m'zilonda. Ashehe ndiwo anawauza kuti asavutike, mwala nawo ndi nthaka yomweyo. Kuyambira pamenepo, zaka zinayi tsopano, swala yawo iliyonse imayambira pa mwala wa Amayi.

Chichokereni iwe ndawasefera dothi m'mbale. Akugwiritsa ntchito, koma akung'ung'udza kuti likuwaluma. Usauchedwetse mwalawo.

Andituma funso limodzi, ndipo ati ndilembe monga anenera: "Umufunse mwanayo, mwalawo ndi wapansi pano kapena iyayi?" Anena mobwereza. Ndikuona ngati nawonso akomedwa, ngakhale nkhope sikuonetsa. Tangoganiza, bambo athu Che Sadiki a pa Ntaja kukhala ndi nyenyezi pawindo!

Ukapeza masokosi ofewa utumize, kuzizira kwayandikira.

Mlongo wako,
Shamim


Kepitauni
2 Juni 2024

Ababa, ndi inu Achemwali amene mukuwerenga,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira masokosi akukwanani. Achemwali, apa mukweze mawu. Ababa, mwafunsa, ndipo ndikuyankha: mwala wanu si wapansi pano!

Dzulo abwana anaitana anzawo aja. Anthu akuluakulu, ena a imvi, timagalasi tili m'maso, kupatsirana mwala wa Amayi ngati khanda. Onse anavomereza kuti ndi wakumwamba. Mkangano unali pa mtundu wake basi, chifukwa miyala imeneyi ili ndi mafuko ake ngati anthu. Ilipo yachitsulo chokhachokha, ilipo yamwala, ndiye palinso yosakaniza, imene akuti ndi yosowa. Mkulu wina anati wathu ndi wamwala, wa fuko lokhala ndi timibulu m'kati, tating'ono ngati mapira. Akuti timibulu timeneto n'takale kuposa dziko limene tikupondali. Mnzake anati iyayi, kulemera kwakeko kukusonyeza chitsulo chambiri. Anatsala pang'ono kugwirana m'makolala, ine ndili chilili ndi ketulo m'manja.

Amasiyanitsanso mwala umene anthu anauona ukugwa ndi wongotoledwa. Wathu ndi wongotoledwa. Ndinafunsa ngati angautche dzina la Amayi poti anautola ndi iwo. Akuti sizitheka, mwala wotere umatenga dzina la malo, osati la munthu. Zinandiwawa pang'ono, koma ngati zitayenda udzatchedwa Ulongwe, ndipo ife tidzadziwa kuti Ulongwe ameneyo ndi Amayi.

Chatsala ndi chimodzi. Mawu a osonkhanitsa paokha sakwanira. Kuti mwala uvomerezedwe ndi kupatsidwa dzina, akatswiri a kuyunivesite ayenera kudulako kachidutswa, aone m'kati ndi makina awo, anene fuko lake lenileni. Abwana akuti umenewu ndi mwambo chabe, yankho tikulidziwa kale. Ababa, ndikupempha chilolezo choti adule pang'ono. Mbali imene mumagwira sadzaikhudza.

Ndikudziwa kuti sindinakhale mwana amene munkafuna. Kumadrasa ndinathawa, makina anu osokera ndinawakana, ndipo pochoka sindinatsanzike bwino. Koma dzulo atandifunsa kuti mwalawu ndi wa yani, ndinatchula dzina lanu lonse, iwo n'kulilemba. Sindinanyadirepo chonchi chibadwire. Tangoganizani, Ababa, zaka zinayi mwakhala mukusisita chinthu chakumwamba musanaswali, inu osadziwa!

Mwana wanu,
Mahmudu


Ntaja
20 Juni 2024

Amjomba a Sufiyani,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji ku Balakako, inu ndi azakhali? Ndalemba kalata chifukwa pafoni sindingalankhule, Ababa amamva ngakhale kuseri kwa khoma. Inu ndinu mlongo wawo wa Amayi, ndipo ndilibe wina woti ndimulirire. Kuno zinthu zavuta.

Mukukumbukira mwala wakuda wa Amayi, umene Ababa amachitira tayamamu? Mahmudu anaubwereka pa Idi kuti akauonetse abwana ake. Sabata yatha kunabwera kalata yake yonena kuti mwalawo ndi wogwa kuchokera kumwamba. Ine ndinaiwerenga ndikuseka, nthungululu ili pakamwa. Nditafika pa mawu akuti "si wapansi pano," Ababa anakweza chala. Ndinabwereza. Anakwezanso. Ndinabwerezanso, ndikadali kusekerera ngati chitsiru. Ndinamaliza kalata yonse. Anangotambasula manja awo n'kumawayang'ana, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Nthawi ya swala ya madzulo itakwana ndinawabweretsera mbale yawo ya dothi. Anaikankha.

"Bweretsa madzi."

"Ababa, adokotala anati..."

"Ndati madzi. Ashehe anandiuza kuti mwala ndi nthaka. Uwu si nthaka. Ndiye kuti zaka zinayi ndakhala ndikuima pamaso pa Mulungu ndili wosayera, ndikumaganiza kuti ndikuswali."

Funso lawo lija ndinalilemba ndi dzanja langa, koma sindinalimve. Ndinkayesa akufuna nyenyezi, pamene iwo ankapempha kuti ukhale mwala wamba.

Ndinathamangira kwa ashehe. Anabwera, anakhala nawo pamkeka, anawauza kuti Mulungu salanga munthu pa chimene sankadziwa, ndiponso kuti amene analenga pansi ndi yemweyo analenga kumwamba. Ababa anamvetsera mwaulemu, kenako anafunsa, "Ashehe, m'mabuku mwanu munaonamo za mwala wa nyenyezi?" Ashehe, poti ndi munthu wosanama, anati sanaonemo. Ababa anati, "Ndiye mukungondisisita."

Tsopano ayamba kubweza swala zonse za zaka zinayi. Akamaliza ya nthawi yake amaonjezera zina mpaka mawondo akane. Dothi akulikana, akuti zolowa m'malo asiya kuzikhulupirira. Akufuna madzi basi, ndi kuzizira kwa Juni kumeneku. Amene amawathira madziwo ndine. Zilonda zimene zinayamba kuuma zatsekukanso, ndipo ndimaziona zikuyera ndi madzi pansi pa dzanja langa. Ndikakana amakwawa okha kupita ku ndowa.

Chiyembekezo chawo chatsala pamalo amodzi. Mahmudu analemba kuti akatswiri a kuyunivesite sanadule mwalawo, ndipo mawu omaliza ndi awo. Pamenepo Ababa agwira ndi manja awiri. Anati, "Umuuze adule, ngakhale pakati." Ndinawafunsa kuti bwanji osadikira yankholo asanadzizunze. Anati sakudziwa ngati lidzawapeza.

Ndiye anandilumbiritsa kuti ndisamuuze Mahmudu chimene chikuchitika. Anati, "Mwana uja sananyadirepo chinthu chochokera m'nyumba muno. Usamulande. Ndiponso ukamuuza adzandinamiza kuti andisangalatse, ndipo ine sindidzadziwanso choona." Ndinalumbira, Amjomba, ndipo lumbirolo likundidya. Bwerani mudzawalankhule, mwina inu akumverani.

Mwana wanu,
Shamim


Balaka
25 Juni 2024

Shamim mwana wa mlongo wanga,

Wa alaikumu salamu. Ife tilipo. Kalata yako yandisowetsa mtendere.

Alamu angawo ndi ouma mutu kuyambira tsiku limene anabwera kudzafunsira mayi ako. Anakana kukhala pampando chifukwa mwendo umodzi unali waufupi. Koma sindinaganize kuti kuuma mutuko kudzafika pomenyana ndi thupi lawo lomwe.

Ndafunsako mashehe kuno. Wina wati swalazo zinalandiridwa, palibe chobweza. Wina wati nkhaniyi ndi yachilendo, ayenera kufunsa akuluakulu ake. Wachitatu anaseka, mpaka ataona nkhope yanga. Palibe amene wandipatsa mawu oti bambo ako sangawathyole.

Ine sindinalumbire kanthu, ndipo foni ndinaitenga kuti ndimuimbire mnyamatayo. Nambala nditaipeza ndinaima. Bambo ako akunena zoona pa chimodzi. Mahmudu ali ndi mtima wa mayi ake, akamva adzalemba tsiku lomwelo kuti mwalawo ndi wa kumtsinje, ndipo bambo ako adzadziwa kuti wina waulula. Zikatero ngakhale yankho lenileni sadzalikhulupirira. Tiyeni tipirire, koma umukakamize afulumizitse akatswiriwo.

Ndibwera Loweruka. Pakadali pano madziwo uziwatenthetsa, ndipo ukatha upukute bwinobwino pakati pa zala. Iwenso uzidya.

Mjomba wako,
Sufiyani


Ntaja
11 Julayi 2024

Mahmudu,

Asalamu alaikumu. Uli bwanji? Pafoni ukumangoti uli pantchito, ndiye ndabwerera ku pepala.

Chilolezo chodula ndinakuuza kalekale. Kodi anadula? Anapeza chiyani? Mwezi wadutsa. Kapena akatswiri akowo akudula ndi lumo?

Ababa sali bwino. Zilonda zabwerera, phazi lamanzere latupa, ndipo agwidwa chifuwa. Tinapita nawo kuchipatala, anawapatsa mankhwala, anafuna kuwagoneka koma anakana. Amjomba anabwera kuchokera ku Balaka, anakhala masiku angapo, anabwerera atagwira njakata.

Sindikuuza zambiri, koma umve ichi. Ababa akudikira yankho la akatswiriwo kuposa mmene ukuganizira. Kabaza akaima pamsewu amafunsa ngati ndi mtumiki wa a Wyson. Akamva foni yanga ikulira amadzutsa mutu. Yankho likangotuluka utiuze tsiku lomwelo, likhale lotani kaya lotani. Ndabwereza dala: likhale lotani kaya lotani. Usalikongoletse, usalisunge.

Ati ndikuuze kuti masokosi aja ndi abwino.

Shamim


Kepitauni
23 Julayi 2024

Achemwali,

Wa alaikumu salamu. Ndamva za Ababa ndipo mtima wanga suli m'malo. Ndatumiza mafuta opaka ndi bulangete, a Wyson akupatsani.

Za mwala, mundipirire. Zinthu za kuyunivesite zimayenda pang'onopang'ono, pali mzere wautali wa miyala ya anthu ena. Ndikudziwa kuti Ababa akuyembekezera nkhani yabwino, ndipo ine sindikufuna kuwabweretsera china chilichonse koma imeneyo. Muwauze asade nkhawa, mwala wawo uli m'manja abwino.

Muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Mahmudu


Kepitauni
8 Ogasiti 2024

Ababa,

Asalamu alaikumu. Achemwali, iyi muwerenge motsitsa, ndipo musankhe tsiku limene adzuka bwinoko. Ndayesa kunena pafoni kangapo koma mawu amandithawa.

Ndinakunamizani. Kunalibe mzere uliwonse. Yankho linatuluka kumayambiriro kwa Julayi, kalata ya Achemwali isanalembedwe n'komwe.

Ababa, mwala wanu ndi wapansi pano.

Amene anaupima ndi mayi wina wa kuyunivesite, wofatsa, wa msinkhu wa Achemwali. Anadula kachidutswa, anakapala mpaka kuwala kumadutsa, n'kundiitana kuti ndione ndekha m'makina. Timibulu tija mulibe. Chitsulo chimene chinkakoka maginito ndi timchenga takuda topezeka m'mapiri ambiri. Akuti chitsulo cha miyala yakumwamba chimakhala chosakanikirana ndi china chotchedwa nikelo, ndipo mwa wathu sanachipeze. Anandionetsanso timiyala toyera ngati mchere, nati timeneti ndi siginecha ya dziko lino. Ndi mwala wa m'phiri, umene mtsinje unaugubuduza n'kuukumba timaenje tija.

Ndinafunsa za khungu lonyezimira, poti ndi limene linapusitsa abwana ndi anzawo onse. Anandifunsa kuti mwalawu unkagwira ntchito yanji. Nditamuuza za Amayi ndi za inu, anati ndi zimenezo. Si moto wakumwamba umene unausalaza. Ndi kupekesedwa pansi zaka zambiri, ndi mafuta a m'manja mwa anthu.

Abwana sanavomereze msanga. Anapempha kuti apimenso, ndipo ine ndinabisala kumbuyo kwa pempho lawolo, ndikumati mwina zisintha. Sizinasinthe. Tsopano aseka nkhaniyo, akuti aliyense wosonkhanitsa miyala ananamizidwapo, ndipo andibwezera mwalawo m'kathumba ka pulasitiki. Dzina la Ulongwe palibe. Dzina lanu limene analemba lija analifufuta.

Ndinachita manyazi, Ababa. Kamodzi kokha m'moyo ndinakubweretserani chinthu choti munyadire, ndipo Achemwali analemba kuti mumadzutsa mutu foni ikalira. Ndikanayamba bwanji kuuza munthu wodwala kuti nyenyezi yake ndi mwala wa kumtsinje? Ndinati ndidikire muchire kaye. Koma bodzali landilemera, ndipo inu simunandiphunzitse kunama.

Mundikhululukire. Mwalawo ndibwera nawo ndekha mu Disembala, sindikufuna uyende ndi katundu wa anthu. Anadula kumbali monga ndinalonjezera, pogwira panu pali bwinobwino.

Mwana wanu,
Mahmudu


Ntaja
22 Ogasiti 2024

Mahmudu,

Wa alaikumu salamu. Sindikufunsa kuti uli bwanji, ndinakumva pafoni tsiku lija. Unalira osatha kunena liwu, ndipo ine ndinalibe mphamvu yokutonthoza. Monga ndinakuuzira, Ababa anatisiya Lachitatu la sabata yatha m'mawa, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Amjomba ndi amene anatsogolera zonse. Anthu anabwera ambiri, ena anavala malaya amene Ababa anawasokera kalekale.

Kalata yako yafika dzana. Galimoto ya a Wyson inachedwa pa boda.

Lumbiro langa lapita nawo kumanda, ndiye tsopano ndikuuza. Ukhale pansi.

Ababa sankafuna nyenyezi. Tayamamu amachitira pa nthaka. Iwe utalemba kuti mwalawo si wapansi pano, iwo anamva kuti swala zawo zonse za zaka zinayi zinali zopanda udhu. Ashehe anawatsutsa, Amjomba anawatsutsa, ine ndinalira, koma unkawadziwa bambo ako. Anayamba kubweza swalazo imodziimodzi, ndipo anabwerera ku madzi amene adokotala anawaletsa. Zilonda zija zinatsekulidwa ndi madziwo. Chifuwa chija chinabwera ndi madziwo. Anandiletsa kukuuza chifukwa sankafuna kukulanda chimwemwe chako, komanso ankaopa kuti udzawanamiza powamvera chisoni. Ankafuna choona chokha. Mawu amene iwe unachita nawo manyazi mwezi wathunthu ndi amene iwo ankafunsa kabaza aliyense akaima pamsewu.

Nditawerenga ndinapsa mtima, sindikubisira. Ndinakutukwana m'nyumba muno ana akumva. Ndinakulembera kuti likhale lotani kaya lotani, ndinabwereza, nanga ndikanalemba bwanji kuti umve? Koma mkwiyowo sunakhalitse, chifukwa unatembenukira kwa mwini wake. Iwe unakhala chete kuti usawapweteke. Ine ndinakhala chete poti ndinalumbira. Liwu limodzi lochokera kwa ine likanakutsegula pakamwa tsiku lomwelo, ndipo madzi aja ndinkathira ndine. Ndiye usasenze wekha, sungathe. Tigawana.

Masiku omaliza sankathanso kudzuka. Ankaswali chogona, ndi maso. Tsiku lina masana anandifunsa ngati ndikuganiza kuti Mulungu adzawawerengera zimene sanamalize kubweza. Ndinati palibe chimene anayenera kubweza. Anati, "Iwenso ukundisisita." Kenako anafunsa za iwe, ngati kumeneko ukudya bwino. Kalata yako ya Juni, ija inawapweteka ija, ndinaipeza pansi pa pilo, itapindidwa pamene unalemba kuti unatchula dzina lawo lonse. Sanakukwiyire, Mahmudu. Zimenezi uzisunge.

Za khungu la mwala ndawerenga mobwereza. Anthu ophunzira anakangana za moto wakumwamba, pamene ankayang'ana manja a Amayi ndi a Ababa. Amjomba ati ukabwera ndi mwalawo mu Disembala mudzapite limodzi kumanda, mukauike kumutu. Ndi wapansi pano, palibe amene angaletse kuti ugone pansi.

Dzulo masana ana atapita kumadrasa ndinalowa kuchipinda kwawo. Mkeka ukadali pomwe unali, mbale ya dothi ija ili pakona. Ndinakhala pamalo panga pa masiku onse, n'kutsegula kalata yako. Unati ndiwerenge motsitsa, koma ndinakweza mawu monga ankafunira. Nditafika pa "Ababa, mwala wanu ndi wapansi pano," ndinaima, n'kudikira.

Chala sichinakwere. Ndinabwereza ndekha.

Mlongo wako,
Shamim